Telala Wosokera Batani Limodzi

Chimene Wamakoswe anaona Lolemba lija chinali chaching'ono kwambiri, moti munthu wina sakanachisamala n'komwe. Mwini malole, bambo wonenepa amene iye anakhala akumulondola kwa masabata atatu, anatuluka m'nyumba mwake m'mawa atavala malaya oyera ositidwa bwino, koma batani lachiwiri kuchokera kukhosi panalibe. Panangotsala kaulusi kali lende, ndipo kaulusiko sikanali kothothoka ayi, kanali kodulidwa bwinobwino ndi lumo. Wamakoswe anaima tsidya lina la msewu, thanki yake yopopera mankhwala ili kumsana, akuyang'anitsitsa. Aka kanali kachitatu kuona zoterezi chaka chimenecho.

Tineneretu pano kuti pasakhale wodabwa kutsogoloku: kupha makoswe ndi mphemvu inali ntchito yamasana chabe. Ntchito yeniyeni ya mkuluyu inali yopha anthu, ndipo anali ataigwira zaka makumi awiri ndi zisanu popanda wapolisi ngakhale mmodzi womuimitsa panjira. Munthu wa thanki kumsana sakayikiridwa. Eni nyumba amamutsegulira okha zitseko, amamuonetsa okha kuchipinda, ndipo akachoka palibe amakumbukira nkhope yake. Ntchito zinkadzera kwa Wometa, mwini kashopu kometera tsitsi kuseri kwa msika, amene ankamunong'oneza zofunika kwinaku akumupala ndevu. Opereka ntchito ankafuna imfa zooneka ngati zabwera zokha, ndipo pamenepo Wamakoswe anali katswiri: uyu waterereka pamasitepe, uyu wagona osadzukanso.

Tsiku la mwini malole analikonza kuti likhale Lachisanu. Koma Lachinayi m'mawa bamboyo anapezeka atauma kale pabedi pake, atagona mowongoka, manja ali m'mbali, chitseko chili chokiya m'kati. Pamkono pake panali mzere wa choko choyera kuchokera paphewa mpaka padzanja. Malaya aja anali pampando, batani litasokereredwa pamalo pake.

"Wakulandaninso nyama pakamwa, achimwene," anatero Wometa monong'ona, akumupaka thovu pachibwano. "Oitanitsa ntchito aja akuti zikomo, koma akuti sindinu mwaigwira. Ndipo sabata yonseyi palibe wabwera kudzakufunsani. Onse akupita kwa Telala."

"Telala wakufa?"

"Yemweyo. Munthu angavutikirenji ndi inu ndi ine, pamene kumeneko n'kungoponya batani basi?"

Mbiri ya Telala inali yodziwika ndi aliyense m'dera limenelo. Pakona ya msewu, moyang'anizana ndi nyumba yosanja momwe Wamakoswe ankakhala ndi mkazi wake pansanjika yachitatu, panali shopu yotsekedwa ndi chitseko chachitsulo chadzimbiri. Akuti zaka makumi atatu zapitazo munali telala wina wosayankhulayankhula, amene anafera pamakina ake usiku, ntchito ili pakati. Akuti ofuna kuchita lendi shopuyo ankathawa asanathe mwezi. Kwa nthawi yaitali nkhaniyi inali yongoopsezera ana, mpaka posachedwapa pamene manong'onong'o anasintha. Tsopano ankati ukadula batani pachovala cha munthu n'kulilowetsa pakampata ka pansi pa chitsekocho, usiku woyamba kumamveka sizasi, usiku wachiwiri makina, ndipo usiku wachitatu Telala amanyamuka kukayeza mwini batani chovala chake chomaliza.

Wamakoswe ataimva koyamba nkhaniyi anaseka mpaka misozi. Telala wanji amene amayamba ndi kusoka, kuyeza n'kubwera pamapeto? Wakupha wanji amene amachita phokoso masiku awiri kuti msewu wonse udziwe kuti ali pantchito? Ndipo choko chija ndi chachiyani, ngati si kudzionetsera? Iye pa zaka zake zonse sanasiyepo ngakhale tsitsi limodzi m'chipinda cha munthu. Komanso mzukwa uli ndi mwayi wosayenera. Sukwera masitepe, supweteka mawondo, sudwala chimfine chifukwa choima pamvula kudikira kuti nyali yakuchipinda izime. Ndiye anthu n'kumautama, ngati kuti kudutsa pakhoma ndi luso, pamene mwini wake alibe ndi thupi lomwe loti n'kugunda khomalo.

Koma kuseka kunatha msanga, chifukwa nkhani ya Telala inafika mpaka patebulo lake lodyera.

Mkazi wake ankagwira ntchito yosita pamalo ena ochapira zovala, ndipo kumeneko mphekesera zonse za m'tauni zinkafika zili zotentha. Anali mayi wamanja olimba, wamabala a simbi m'mikono, wosakonda kuyamikira zinthu. Zaka zonse za ukwati wawo Wamakoswe sanamumvepo akutama munthu wamwamuna, ngakhale iye amene. Koma akayamba kunena za Telala, mawu ankatsika, maso ankawala, ndipo ankasiya kudya.

"Malaya a mwini malole aja anabwera kwathu lero," anatero madzulo amenewo. "Ndinawagwira ndi manja angawa. Msoko umenewo, bambo, sindinauonepo. Mfundo yake siioneka poyambira kapena pothera. Amene uja ndi mmisiri."

"Mmisiri wa mabatani."

"Musanyoze. Satenga munthu mwankhanza. Amamugoneka bwinobwino, mwaulemu. Mukukumbuka abwana athu akale aja, amene anagwa pamasitepe chaka chatha? Anzanga akuti nawonso anali Telala yemweyu. Ndi wamankhwala wa pafupi ndi siteshoni uja."

Wamakoswe anatsamwa. Awiri onsewo inali ntchito yake. Bwana uja anamulondola mwezi wathunthu m'nyengo yozizira, mpaka bondo lamanzere linatupa, ndipo ankaiwerengera ntchitoyo ngati yokongola kuposa zonse zimene anagwirapo. Lero ulemu wake unali kuperekedwa kwa munthu amene anaola kalekale, ndipo woperekayo anali mkazi wake yemwe.

"Mwina anali munthu wamoyo," anatero atamwa madzi. "Alipotu anthu aluso kunjaku."

Mkaziyo anaseka, n'kumusisita pamkono mwachifundo. "Inu ziyankhulani za makoswe. Izi zakukulirani. Paja inu ndi munthu woti nkhuku yomwe mumakandiitanira aneba kuti adzaizinge."

Zinali zoona, chifukwa Wamakoswe ankadana ndi magazi, ndipo n'chifukwa chake ntchito zake zinali zaukhondo. Koma usiku umenewo sanagone. Nsanje inamukhala pachifuwa, nsanje yeniyeni, yochititsa manyazi, yonga ya mwamuna amene wapeza nsapato zachilendo pakhomo pake. Kusowa kwa ntchito sikunkamuwawa kwenikweni. Chinkamuwawa chinali mawu otsika aja. Ankafuna kuti tsiku limodzi lokha mkazi wake anene za iye ndi mawu amenewo, asiye kudya chifukwa cha iye.

Anaganiza kuti kumbuyo kwa zonsezi kuli munthu. Mizukwa iye sankaikhulupirira, poti ikanakhalako bwenzi itamupangira kale mzere pakhomo pake. Uyu anali mnzake wa ntchito yomweyi, mwina kamnyamata kanzeru kamene kapeza njira yobisalira. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Akamugwira, n'kumuonetsa poyera kuti ndi munthu wamba wodya ndi kutsokomola, mawu otsika aja adzatha okha.

Usiku wotsatira anauza mkazi wake kuti ali ndi ntchito yopopera m'nyumba yosungiramo katundu. Anatsika, nakakhala mumdima wa pakhonde la sitolo yoyandikana ndi shopu ija. Nyali ya mumsewu inali yakufa. Kunali zii, kupatula madzi odontha kuchokera papaipi ina yosweka ndi galu wouwa kutali mosafuna. Cha m'ma leveni kunabwera mayi wina atadziphimba kumutu. Anayang'ana uku ndi uku, anawerama pachitseko chachitsulo, ndipo Wamakoswe anamva kanthu kakang'ono kakugubuduka pasimenti m'kati, kenako n'kuima. Mayiyo anachoka akuyenda mothamanga, osacheuka.

Panapita ola limodzi, mwina awiri. Kuzizira kunali kutalowa m'bondo lija pamene m'shopumo munayamba kumveka sizasi. Inali sizasi yaikulu, yolemera, yodula nsalu yokhuthala patebulo lathabwa, ndipo inkadula pang'onopang'ono, n'kuima, n'kuyambiranso, monga amachitira munthu wosafuna kuwononga nsalu ya eni ake. Pansi pa chitseko sipankatuluka kuwala kulikonse.

Wamakoswe anamwetulira. Loko wa chitsekocho anali wakale, ndipo anamugonjera asanapume kawiri. Anakankha, nayatsa tochi. Sizasi inaleka nthawi yomweyo.

M'katimo munali chipinda chimodzi chokha, chopanda zenera, chopanda khomo lina. Munali tebulo lalitali, mpando, mashelefu opanda kanthu, ndi makina opalasa ndi mapazi atafunditsidwa chinsalu. Fumbi linali paliponse, lokhuthala, losapondedwa. Anagogoda makoma onse anayi, anayang'ana kudenga, anagwada kusuzumira pansi pa tebulo kufuna kawailesi kapena waya. Sanapeze kanthu, ndipo batani la mayi uja silinalinso pansi. Potuluka anaika dzanja patebulo kuti adzuke bwino, ndipo pamphepete pake, pamene munthu amatsamira akamadula nsalu, thabwalo linali lofunda.

"Wachenjera," anadziuza yekha pokwera masitepe a kwawo. Koma tsemwe linali litamugwira msana wonse, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima kwambiri.

Usiku wachiwiri anabwera ndi nzeru za ntchito yake yamasana. Khoswe sabisa mapazi. Ukafuna kudziwa polowera pake umawaza ufa woyera pansi, m'mawa n'kuwerenga njira yake yonse. Kutangoda analowa m'shopumo nawaza ufa kuyambira kukhoma lakumbuyo mpaka pakhomo, akuyenda chafutambuyo, osasiya malo ngakhale oponda mphaka. Anakiya, namata kaulusi kakuda pakati pa chitseko ndi mphuthu yake, nakakhalanso pakhonde paja maso ali pachitsekocho.

Pakati pa usiku makina anayamba. Ankalira mofatsa, tcheketcheketcheke, n'kupuma pokhota msoko, n'kupitiriza. Nthawi zina ankamveka mawu a mpando ukulira pansi pa munthu wosuntha. Mazenera a nyumba zapafupi, amene anali otsegula chifukwa chofuna mpweya, anayamba kutsekedwa limodzilimodzi. Wamakoswe anakweza maso kuyang'ana pansanjika yachitatu, ndipo anaona kuti zenera la kwawo lokha ndi limene linali lotsegula. Mkazi wake anali ataima pamenepo mumdima, atatsamira chigongono, akumvetsera ngati munthu womvera nyimbo.

Kutayamba kucha anapeza kaulusi kake kali momwe anakasiyira. Anatsegula. Pansi panalibe phazi la munthu, la khoswe, ngakhale la mphemvu. Panalibenso ufa. Wonse unali utasesedwa bwinobwino n'kuunjikidwa pakona pafupi ndi khomo, pamalo pamene munthu waulemu amasiyira mlendo katundu amene waiwala.

Chipongwe choterechi sanachitiridwepo. Akanamuopseza, akanamuponyera sizasi, bwenzi zili bwino, chifukwa kumeneko n'kulemekezana kwa anthu a ntchito imodzi. Koma kumusesera ufa ngati mwana wotaya zinthu pabalaza kunatanthauza kuti Telala sankamuwerengera n'komwe. Usiku wachitatu utadutsa, kalaliki wina wa kumapeto kwa msewu anapezeka atagona mowongoka, choko pamkono, ndipo mkazi wa Wamakoswe anafotokoza nkhaniyo kawiri patebulo, chakudya chikuzizira.

Apa m'pamene mkuluyu anachita chinthu chimene munthu wanzeru zake sakanachita. Anaganiza kuti ngati sangathe kumupeza Telala kuntchito kwake, amuitanire kunyumba. Kulowa m'zipinda za anthu inali ntchito yake, ndipo ankadziwa bwino kuti wolowa ndiye amakhala pangozi ngati mwini chipinda ali maso. Anatenga jekete yake yakuda, imene ankavala popita kumaliro ndi kuukwati, nadula batani lapakati ndi lumo. Usiku anakalilowetsa pansi pa chitseko chachitsulo, nalimva likugubuduka. Jeketeyo anaibisa kuseri kwa sutikesi pamwamba pa kabati.

Masiku awiri otsatirawo anali munthu wosangalala. Usiku woyamba anagona chagada akumvetsera sizasi patsidya pa msewu, n'kumati mumtima, dula bwino mnzanga, mapewa angawa ndi otakata. Mkazi wake ananong'ona mumdima kuti, "Kaya ndi wa yani ameneyu," ndipo iye anayankha kuti, "Ayenera kuti ndi munthu wofunika." Usiku wachiwiri makina analira nthawi yaitali kuposa kale, pafupifupi mpaka m'bandakucha, ndipo zimenezi zinamukomera. Kalaliki uja anangomusokera maola awiri okha.

Madzulo a tsiku lachitatu anabwera kunyumba molawirira kuti akonzekere. Ankafuna kumutumiza mkazi wake kukagona kwa mchemwali wake, ndipo bodza lake anali atalikonza kale. Anamupeza ataima pakati pa chipinda, jekete yakuda ili m'manja.

"Ndimafuna ndiisite, poti Loweruka kuli maliro a kalaliki uja," anatero mayiyo. "Batani ili lapita kuti?"

"Linagwa."

"Silinagwe. Ladulidwa ili. Ndani wakhudza jekete imeneyi, bambo?"

Wamakoswe anaona mantha pankhope ya mkazi wake, ndipo, tinene zoona, anakondwa. Anaganiza kuti mayiyu akuopera moyo wa mwamuna wake. Anakhala pabedi mwachifatse, napinda miyendo.

"Ndadula ndekha. Ndakaponya ndekha. Ndikufuna ndimuone mmisiri wanuyo maso ndi maso, tione ngati..."

"Lapakati," anatero mkaziyo. "Mwadula lapakati."

"Nanga lili ndi chiyani?"

Mayiyo anatsegula kabati, natulutsa chikhoti chake chakuda chovala nthawi yozizira, nachiyala pabedi. Pansi penipeni pa mzere wa mabatani panali malo opanda kanthu.

"Lanu linatayika pa ukwati wa mwana wa achimwene anu. Simunaone n'komwe, inu mumaona chiyani? Ndinasowa lofanana nalo, ndiye ndinachotsa langa n'kukusokererani. Chikhoti ichi ndavala zaka khumi, bambo. Batani limenelo ndi langa."

Wamakoswe sanadziwe kuti masitepe anawatsika bwanji. Kunja kunali kutada kale, msewu uli mbee, anthu atadzitsekera poti onse ankadziwa kuti lero ndi usiku wachitatu. Loko uja, amene ankamutsegula ngati akuseweretsa, anamuvuta usiku umenewo. Atalowa anawalitsa tochi patebulo, ndipo ulendo uno tebulolo silinali lopanda kanthu. Panali chovala choyalidwa bwino, chositidwa, choyera. Sinali suti. Inali diresi ya manja aatali, yopapatiza m'mapewa, yotakasuka m'chiuno, ndipo dzanja lamanja linali lokulirapo pang'ono kuposa lamanzere, monga ulili mkono wa munthu amene wanyamula simbi moyo wake wonse.

"Pepani, akulu," anatero Wamakoswe mumdimamo, ndipo aka kanali koyamba kupepesa munthu chikulireni. "Pachitika cholakwika. Oda imeneyi ndi yanga. Mwini wake ndine."

Anatambasula dzanja kuti aitenge diresiyo, tochi n'kuzima. Anaigogoda pachikhatho kamodzi, kawiri, ndipo itayakanso patebulo panali fumbi lokhalokha. Kumbuyo kwake chitseko chachitsulo chinalira pang'ono, monga chimachitira munthu akadutsa mosamala atanyamula kanthu.

Anathamanga. Bondo linkabaya koma sanalimve. Pamasitepe sanakumane ndi munthu, ndipo anamupeza mkazi wake ali moyo, atakhala pamphepete pa bedi, chikhoti chili pamiyendo. Anakiya chitseko chakubwalo, nachitchinga ndi tebulo. Anatseka mazenera onse n'kumanga zogwirira zake ndi waya. Anatseka kabowo ka mpweya kubafa, anasuzumira m'kabati, pansi pa bedi, kuseri kwa makatani. Malo onse amene iye akanalowera anawadziwa, ndipo anawatseka onse. Mayiyo ankangomutsatira ndi maso.

"Mukudzivutitsa," anatero pamapeto pake, mosakweza mawu. "Uyu si khoswe."

"Muno salowa."

"Mwini malole anali ndi alonda awiri ndi agalu. Inu muli ndi chiyani? Thanki?"

Wamakoswe akanangokhala chete. Koma ngakhale pa ola limenelo, mawu akuti "thanki" anamulasa pamalo pomwe paja. Ankafunanso kumulimbitsa mtima, n'zoona, koma chachikulu chinali chakuti sakanathanso kupirira kuonedwa wochepa pamaso pa wakufa. Anakoka thanki ija, napotokola pansi pake, natsegula kachipinda kobisika kamene mkazi wake anakhala akukapukuta kunja kwa zaka zambiri osadziwa. Anayala zida zimene zinali m'menemo pabedi, chimodzichimodzi, pafupi ndi chikhoti.

"Ine ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu, mayi. Telala wanuyo ndi wophunzira. Wamankhwala wa kusiteshoni uja ndinali ine. Abwana anu aja sanaterereke okha, ndipo panalibe choko, mukumbukire bwino. Anthu khumi ndi asanu ndi awiri, popanda wondiona. Palibe njira yolowera m'chipinda imene ine sindiidziwa. Ndiye ndikamati muno salowa, mundikhulupirire."

Anaona mawu ake akumufika mkazi wake. Mayiyo anayang'ana zinthu zili pabedi, anayang'ana manja a mwamuna wake, ndipo nkhope yake inasintha pang'onopang'ono. Anaimirira, chikhoti n'kugwa pansi.

"Abwana aja," anatero monong'ona. "Usiku umene uja munabwera mochedwa, bondo litatupa. Ndinakuthowani ndi madzi otentha."

"Eya."

"M'mawa mwake ndinasita malaya amene anawaika nawo m'manda. Ndinkalira, inu n'kumandigwira paphewa."

Mawu ake anali atatsika. Anali mawu omwe aja amene Wamakoswe anawalakalaka masabata onsewa, ndipo tsopano anali ake. Anadabwa kuti sanamukomere.

"Tulukani," anatero mayiyo.

"Mayi, nthawi yatha. Ndiyenera kukhala pambali panu."

"Tulukani m'chipinda muno. Uyo akubwerayo sanandinamizepo. Sanadye nane mbale imodzi, sanagone pambali panga. Mwa awiri inu, amene ndikumuopa ndi inu."

Wamakoswe anabwerera chafutambuyo mpaka pabalaza, chifukwa anaona kuti akangosuntha kumuyandikira mayiyo akuwa, kapena athamangira kuzenera. Chitseko chakuchipinda chinatsekedwa. Kiyi anatembenuka, kenako kunamveka mpando ukukokedwa n'kutsamiritsidwa pansi pa chogwirira.

Wamakoswe anakhala pansi, msana uli pachitsekocho, maso ali pakhomo lakubwalo lotchingidwa ndi tebulo. Anazimitsa nyali kuti maso azolowere mdima. Nyumba yonse yosanjayo inali chete. Ankamva madzi akuyenda m'mapaipi a m'khoma, wotchi ya aneba, ndi kupuma kwa mkazi wake kuseri kwa thabwa, kofulumira poyamba, kenako kodekha. Kangapo anamuitana monong'ona. Sanayankhidwe. Loko wa chitseko chimenecho anali wachibwana, woti akanamutsegula ndi supuni, koma nthawi iliyonse akakweza dzanja ankakumbukira nkhope ija, dzanja n'kubwerera lokha.

Cha m'ma thuu, mpweya wa pabalaza unazizira, ndipo kunadutsa kafungo ka mafuta a makina ndi nsalu yatsopano. Tebulo silinasunthe. Mazenera sanagwedezeke. Iye sanaphethire ngakhale kamodzi, ndipo angalumbire kuti palibe chinadutsa pamaso pake. Koma kuseri kwa msana wake, m'chipinda chimene anachisecha yekha ngodya zonse, munamveka kanthu kofewa kakuyalidwa pabedi, ndi kamkokomo kakang'ono ka tepi yoyezera ikutambasulidwa.

Anadzuka, nagwira chogwirira, natsegula pakamwa kuti aitane. Asanatero anamva bedi likulira, mapazi osavala akuponda pansi, ndi mawu a mkazi wake. Sanali mawu a munthu wogwidwa pakhosi. Anali ofatsa, aulemu, amanyazi pang'ono, mawu amene pa zaka zonse za ukwati wawo sanamuyankhulirepo iye.

"Ndiime chonchi?" anafunsa mayiyo. "Kapena nditambasule manja?"